Zilembo zoduladula za sitensulo: Stencil, Stardos Stencil ndi zinzake pa ntchito za kuno ku Joni

Aliyense amene anaimapo pa Park Station tsiku lonyamuka mabasi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amaudziwa mulu wa katundu umene umakhala pamenepo: mabokosi okulungidwa ndi tepi, zikwama za mizeremizere, mafiriji, matayala, njinga. Pa katundu wambiri dzina limalembedwa ndi cholembera chakuda, mothamanga, ndipo pofika pa Mwanza fumbi ndi kukhulana kwa katundu zimakhala zitalifufuta. Koma pamakhala mabokosi ena ochepa amene dzina la wonyamula katundu limaoneka munthu ali chapatali. Zilembo zake n'zonenepa, zili ndi timapazi kunsonga, ndipo chilembo chilichonse n'choduka pawiri kapena patatu ngati wina anachitema ndi chikwanje. Zimenezo ndiye zilembo za sitensulo, ndipo abale ambiri amene atsegula mashopu ku Mayfair, ku Rosettenville, ku Turffontein ndi ku Cosmo City akumazifuna pa zikwangwani, pa matisheti ndi pa mageti awo. Ndemanga ino ndi ya mafonti, ndiye kuti mitundu ya zilembo za pa kompyuta, amene munthu angapeze mosavuta akafuna zilembo zotere, makamaka awiri: Stencil, imene imabwera ndi Microsoft Office, ndi Stardos Stencil, imene imapezeka ulere pa Google Fonts.

Tiyambe ndi kuduka kuja, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Sitensulo ndi pepala lolimba, pulasitiki kapena lata loboola, limene umaika pa chinthu n'kupaka penti kuti adutse m'mabowo. Ukadula chilembo O mozungulira, kachidutswa ka pakati kamagwa, pamatsala dzenje lokhalokha. Kachidutswa ka pakatiko tizikatchula kuti chilumba. Kuti chilumba chisagwe, wodula amasiya timizere tosadula tolumikiza chilumbacho ndi pepala lonse. Odula zikwangwani amati bridge, ife tiziti kamlatho. Penti safika pamene pali kamlatho, n'chifukwa chake chilembo chimatuluka choduka. Zilembo za zilumba ndi A, B, D, O, P, Q ndi R, ndipo pa manambala ndi 0, 4, 6, 8 ndi 9. Fonti ya sitensulo ingakongole bwanji pa kompyuta, ngati timilatho take n'tochepa kapena tili pamalo olakwika, ndi yachabe kwa munthu wa mpeni ndi penti. Ife timayesa fonti iliyonse pa timilatho, kukongola kumabwera pambuyo.

Stencil ndi nkhalamba ya banja limeneli. M'chaka cha 1937 ku America kunatuluka mafonti awiri a dzina limodzi lomweli, ina yojambulidwa ndi R. Hunter Middleton ku kampani ya Ludlow, ina ndi Gerry Powell ku American Type Founders. Imene anthu ambiri amaidziwa lero ndi ya Powell. Thupi lake linachokera ku zilembo za mtundu wa Clarendon, zimene zinatuluka ku London mu 1845: mizere yoimirira yonenepa kwambiri, timapazi tolumikizika mokhota ndi mwendo wa chilembo, ndi timipira kunsonga za zilembo ngati J. Makona ake ndi ofewa pang'ono, ngati a chilembo chimene penti wachinenepetsa. Ili ndi zilembo zikuluzikulu zokha, ndipo ukalemba zing'onozing'ono zimatulukabe zikuluzikulu.

Ubwino wake waukulu ndi malo amene timilatho tinaikidwa. Tayang'anani O. Kuduka kuli pamwamba ndi pansi, pamene mzere wa chilembo ndi wowonda kale, ndiye diso limalumikiza lokha mbali ziwirizo, siliona kuti pali mpata. Chilumba chimagwiridwa mbali ziwiri zoyang'anizana, choncho rola ikadutsa sichipendeka. Fonti yopangidwa mwachisawawa imasiya kamlatho kamodzi, chilumba n'kumagwedera ngati dzino la mwana, penti n'kulowa pansi pake. Stencil ilibe vuto limenelo. Kunenepa kwa mizere yake kumathandizanso pa malo okakala: khoma la njerwa, thabwa la paleti, saka ya ufa. Pa malo otere m'mphepete mwa chilembo simuwongoka, koma poti thupi ndi lalikulu mawu amawerengekabe.

Vuto lake ndi kutambalala, ndipo apa Chichewa chathu chimaivutitsa. Mawu athu ndi aatali. ZOWOTCHERERA ndi zilembo 12, pamene mnzanu wolemba m'Chingerezi amangofuna zilembo 7 za WELDING. Lamulo lakale la olemba zikwangwani limati mamilimita 25 a kutalika kwa chilembo pa mamita atatu alionse a mtunda wowerengera. Ngati chikwangwani chikuyenera kuwerengedwa ndi munthu amene ali tsidya lina la msewu, mamita 15 kapena 18, mufunika zilembo za mamilimita 125 mpaka 150. Pa msinkhu wa 150, liwu lija mu Stencil limadya pafupifupi mita imodzi ndi theka. Lata la Chromadek lathunthu, limene masitolo a zikwangwani kuno amagulitsa, ndi la mamilimita 2450 kutalika ndi 1225 mulifupi, ndiye liwu limodzi limakwana bwino, koma mukafuna kuonjeza NDI ZOKONZA MAGETI pamzere womwewo malo atha. Ambiri zikatere amakoka fonti ndi mbewa ya kompyuta kuti ipanikizike. Musatero. Kupanikiza kumachepetsa timilatho toimirira, kamene kanali mamilimita 6 kamasanduka 3, mizere yoimirira imawonda pamene yopingasa ikadali momwemo, ndipo chilembo chimaoneka chodwala. Ndi bwino kugawa mawu m'mizere iwiri kapena kusintha fonti.

Apa ndi pamene Stardos Stencil imalowera. Anaijambula ndi Vernon Adams, yemwenso anapanga Oswald ndi Nunito, mafonti amene ambiri mumagwiritsa ntchito osadziwa mwini wake. Ili ndi kulemera kuwiri, Regular ndi Bold, ndipo ili ndi zilembo zing'onozing'ono, chinthu chimene Stencil ilibe. Pa dzina la shopu lalitali, zilembo zing'onozing'ono zimapulumutsa malo ambiri, komanso zimachepetsa ukali. Dzina lolembedwa mu Stencil limamveka ngati lamulo la msilikali, pamene lomwelo mu Stardos, chilembo choyamba chokha chachikulu, limamveka ngati chidindo cha pa katundu wamalonda. Kwa telala wa ku Fordsburg amene akufuna kudinda dzina lake pa matumba a pepala operekera zovala, Stardos Bold ndi yabwino kuposa Stencil. Kwa wonyamula katundu amene akulemba pa tirela, Stencil ndiye yoyenera.

Chenjezo pa Stardos ndi lakuti Regular isiyeni pa pepala ndi pa foni. Mizere yake yowonda imatuluka ngati timing'alu pa sitensulo yeniyeni, ndipo penti akauma kawiri katatu m'mphepete, timing'aluto timatsekeka. Zilembo zing'onozing'ono zimabweretsanso zilumba zina zambiri, a, b, d, e, g, o, p, zonse zazing'ono kuposa za zilembo zikuluzikulu. Chilembo e ndi a ndi zimene zimayamba kung'ambika, ndipo m'Chichewa a ali paliponse. Ngati mukudula ndi dzanja ndipo zilembo sizikufika mamilimita 40, bwererani ku zikuluzikulu.

Nkhani ya chilolezo ndi yaifupi. Stardos Stencil ili pansi pa SIL Open Font License, kutanthauza kuti mutha kupangira ndalama, kudinda matisheti ogulitsa, kutumizira wodinda fayilo yake, ngakhale kuisintha, bola musamagulitse fontiyo payokha. Stencil ya mu Office mutha kudindira ntchito zamalonda ngati chilolezo cha Office yanu chikulola malonda, koma fayilo yake si yogawira anthu. Mafonti ambiri a pa masamba ogawa ulere amakhala ndi kalata yonena kuti ndi a ntchito za pakhomo zokha, ndipo chikwangwani cha shopu si ntchito ya pakhomo. Werengani kafayilo kamene kamabwera limodzi ndi fonti musanaike pa galimoto ya bizinesi.

Pali ina imene Mmalawi ayenera kuidziwa, ngakhale ndi yosowa. Mu 1939 kampani ya Stephenson Blake ya ku Sheffield inatulutsa fonti yotchedwa Tea Chest, yojambulidwa ndi Robert Harling, yotengera zilembo zimene zinkadindidwa pa mabokosi a tiyi. Amene anakulira ku Thyolo kapena ku Mulanje amazidziwa zilembo zimenezo ndi maso awo: dzina la esiteti, giredi ya tiyi ngati BP1 kapena PF1, nambala ndi kulemera, zonse zakuda pa thumba lofiirira. Tea Chest ndi yopanikizika mwachibadwa, yaitali, ya timapazi tating'ono, ndiye mawu aatali amakwana popanda kuwafinya. Ndi yogula. Kwa munthu amene akugulitsa tiyi, mtedza kapena mpunga wa Kilombero kuno ku Joni ndipo akufuna paketi yake inunkhire kumudzi, zilembo za mtundu umenewu zili ndi chifukwa chenicheni chokhalira pa paketiyo, chifukwa ndi mmene katundu wathu wakhala akuyendera kunja kwa dziko kuyambira kale. Inanso yogula ndi Dala Floda ya Paul Barnes, imene mizere yake yowonda inachotsedweratu n'kutsala yonenepa yokha. Ndi yaulemu, yoyenera saluni kapena chikuto cha magazini, osati geti la wowotcherera. Black Ops One ndi Allerta Stencil za pa Google Fonts ndi za sitensulo ndithu, koma zilibe timapazi, ndiye ndi banja lina.

Tsopano mafonti a sitensulo ooneka okalamba, amene amabwera ali okalikakalika, a madontho a penti ndi m'mphepete modyekadyeka, kuti aoneke ngati anagona panja zaka khumi. Achinyamata opanga zithunzi zoitanira anthu kumapwando amawakonda kwambiri, ndipo pa chithunzi cha pa Facebook amagwira maso. Koma ali ndi zilema ziwiri. Choyamba, kukalikako kunajambulidwa kamodzi pa chilembo chilichonse. Lembani MALAWI muone: A woyamba ndi A wachiwiri ali ndi chipsera chimodzimodzi, pamalo amodzimodzi. Lembani KATUNDU WA KUMUDZI muwerenge ma U anayi ofanana zipsera ngati mapasa. Diso limazindikira msanga kuti ukalamba wake ndi wonamizira. Chachiwiri, fonti yotere sidulika. Kadontho kalikonse kwa makina ndi mzere wofunika kudula. Makina odula vinyl, pulasitiki wopyapyala womata, amatha nthawi yaitali akuzungulira pa liwu limodzi, mpeni umazula tizidutswa, ndipo wochotsa zotsala ndi singano amakutukwanani mumtima. Odula ndi makina a laser ambiri amalipiritsa potengera nthawi imene makina ayenda, ndiye mumalipira zipsera zimene pa sitensulo sizidzaoneka n'komwe. Pa makina osokera zilembo pa zipewa ndi mayunifolomu n'zosatheka.

Njira yabwino yopezera ukalamba weniweni ndi yotsika mtengo. Tengani Stencil kapena Stardos Bold yoyera bwino, dulani pa katoni, pakani penti wakuda pa thabwa lakale kapena pa saka, musiye aume, kenako jambulani ndi foni pa mthunzi kapena ikani pa sikana pa 600 dpi. Chilembo chilichonse chimatuluka ndi zipsera zakezake. Ngati ndi chikwangwani cha thabwa, pakani bwinobwino, penti akauma khulani pang'ono ndi sandipepa wa 120 motsatira mitsempha ya thabwa, kenako vanishi pamwamba.

Pali zinthu zitatu za chilankhulo chathu zimene ojambula mafontiwa sankaziganizira. Nkhodolero ndiyo yoyamba. Mu sitensulo nkhodolero ndi kabowo kakang'ono kwambiri, koyamba kutsekeka ndi penti ndipo koyamba kuiwalika ndi wodula amene sadziwa Chichewa. Koma M'BALE ndi MBALE ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo NYAMA YA NG'OMBE yopanda nkhodolero imachititsa manyazi mwini butchala. Musanatumize fayilo, kulitsani nkhodolero pang'ono, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo isiyireni mpata wokwanira mbali zonse kuti kapepala kotsala pakati pa G ndi nkhodolero kasakhale kochepa kuposa kamlatho. Uzaninso wodulayo kuti kachizindikiroko si dothi la pa fayilo.

Chachiwiri ndi Ŵ wa kachipewa, kwa amene mukufuna kulemba MALAŴI monga mwa kale. Mafonti ambiri a zikwangwani alibe chilembochi. Mu Word lembani 0174 n'kudina Alt ndi X pamodzi, chilembo chituluka. Chikatuluka mu fonti ina kapena ngati kabokosi, ndiye kuti mulibe. Mankhwala ake ndi kubwereka: lembani Â mu fonti yomweyo, sandutsani kukhala mizere, chotsani A, kachipewako kaikeni pakati pa W pa msinkhu womwewo.

Chachitatu ndi mipata. Chichewa chadzaza ndi WA, AW, KWA, MWA, NYA, LA. Chilembo A ndi chotambalala pansi, W ndi Y n'zotambalala pamwamba, ndipo L ali ndi bwalo lopanda kanthu kumanja kwake. Mu fonti yoduka kale, mpata wosalingana umasokoneza kwambiri, chifukwa diso limalephera kusiyanitsa kamlatho ndi mpata wa pakati pa zilembo. Mu Word kusendeza zilembo mwa awiriawiri kungafune kuti mukuyatse nokha pa zokonzera za fonti, ndipo mu CorelDRAW mutha kukoka chilembo chimodzichimodzi. Koma samalani ndi mbali inayo: pa sitensulo yeniyeni timapazi ta zilembo zoyandikana tisayandikane kwambiri, chifukwa kapepala ka pakati pake ndi kamlathonso. Lamulo losavuta ndi lakuti mpata wa pakati pa zilembo ukhale woposa kamlatho, pafupifupi kawiri.

Manambala a foni ndi pamene sitensulo yambiri imafera. Nambala za kumudzi zimayamba ndi 088 kapena 099, za kuno zimayambanso ndi 0, ndipo onsewa ndi manambala a zilumba. Nambala 8 ili ndi zilumba ziwiri. Popeza nambala ya foni imalembedwa yaing'ono kuposa dzina, timilatho take timachepa nayo. Kamlatho kamene kali mamilimita 4 pa chilembo cha 100 kamakhala milimita imodzi yokha pa chilembo cha 25, ndipo milimita imodzi ya katoni yonyowa ndi penti siipirira ngakhale kupaka kuwiri. Kakaduka, 8 amasanduka chibuluma chakuda, ndipo wolandira katundu ku Limbe sangaimbiridwe. Konzani pa kompyuta: sandutsani zilembo kukhala mizere, mu CorelDRAW ndi Ctrl ndi Q, mu Illustrator ndi Shift, Ctrl ndi O, mu Inkscape ndi Shift, Ctrl ndi C. Jambulani kabokosi kowonda ka mamilimita 2 mulifupi, kaikeni pamwamba pa kamlatho kalikonse, n'kukachotsa pa chilembocho. Pa pulasitiki wa Mylar timilatho tisachepere mamilimita 1.5 mpaka 2, pa katoni 3, pa lata lodulidwa ndi makina a moto a plasma 4 kapena 5 chifukwa kutentha kumadya m'mphepete. Laser nayo imadya pafupifupi 0.1 mpaka 0.2 ya milimita pa mzere uliwonse, ndipo kamlatho kamadyedwa mbali zonse ziwiri. Kusandutsa mizereku kumathandizanso kuti fayilo ikafika pa kompyuta ya wodula imene ilibe fonti yanu, isasinthike kukhala Arial. Tumizani PDF, SVG kapena DXF, ndipo lembani muyeso weniweni wa chinthu chimodzi pambali kuti aone ngati fayilo yakula kapena yachepa potsegula.

Za chodulira. Katoni ya bokosi la phala la ana imakwanira ntchito ya kamodzi kapena kasanu, makamaka mukaimata tepi yoonekera mbali zonse musanadule. Katoni yamalata ya mabokosi akuluakulu ndi pulasitiki wamalata wa Correx musavutike nazo, m'mphepete mwake mumaphwanyika ndipo penti amalowa m'timipata ta mkati. Mylar ya mamaikironi 190 ndi yabwino podula ndi mpeni ndipo imapinda pa chinthu chozungulira ngati dilamu, ya 250 ndi yolimba pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Filimu yakale ya X-ray, imene olemba zikwangwani kumudzi amaidziwa bwino, imagwira ntchito yomweyo pa zilembo zing'onozing'ono. Thabwa la MDF la mamilimita 3 ndi la zilembo zazikulu za pansi ndi pa makoma, monga manambala a malo oimika magalimoto, koma pa zilembo zazing'ono kunenepa kwake kumatchinga penti, m'mphepete mumatuluka chifunga. PVC ndi vinyl musalole kuti zilowe mu laser: zikapsa zimatulutsa mpweya wa klorini, woopsa m'mapapo ndiponso wodya zitsulo za makina. Podula ndi dzanja, lezala ikhale yatsopano, yambani ndi tizidutswa ting'onoting'ono ta pafupi ndi zilumba pepala likadali lolimba, ndipo mpeni uziyambira pa kamlatho kupita kutali, kuti ukaterereka usakadule kamlathoko.

Popaka, mdani ndi penti wambiri. Sitensulo igone phwatalala, yomatidwa ndi tepi m'mbali, ndipo ngati n'kotheka mupopereko pang'ono guluu wa sipuleyi wotheka kumatula kumbuyo kwake, mudikire mphindi imodzi asanakhudze khoma. Chitini cha sipuleyi chikhale masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pa sitensulo, cholunjika, osati chopendeka, chifukwa chopendeka chimakankhira penti pansi pa timilatho. Pitani kawiri kapena katatu mopepuka m'malo mwa kamodzi konyowetsa. Yambani kupopera kunja kwa zilembo, pa pepala lotchingira, chifukwa madontho akulu amatuluka poyambira. Ndi rola ya siponji, viikani pang'ono, gubuduzani pa nyuzipepala mpaka ioneke ngati yauma, ndiye mupite pa sitensulo. Ndi bulashi, dulani ubweya ukhale waufupi ndipo muzidinda chotsikira, osasesa. Chotsani sitensulo penti asanaumiretu, moinyamula molunjika. Mukachedwa penti amauma ngati chikopa cholumikiza sitensulo ndi khoma, ndipo amang'ambika m'mphepete. Pa khoma gwiritsani penti wamadzi wa PVA wa panja, pa chitsulo enamelo, ndipo pa lata la galvanize pamafunika pulayimala yake yapadera, apo ayi penti amasupuka ngati khungu la njoka. Pa zikwama zoluka za pulasitiki lowetsani thabwa mkati kuti pakhale pathyathyathya, ndipo penti akhale wochepa kwambiri chifukwa wokhuthala amasweka chikwama chikapindika. Tsukani sitensulo mukangomaliza, madzi pa PVA, tapentaini pa enamelo.

Nyengo ya kuno ili ndi mbali yake. Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, dzuwa lake limawaula mitundu msanga, makamaka wofiira ndi mitundu yowala ija ya sipuleyi yotsika mtengo. Wakuda pa woyera kapena pa wachikasu amakhalitsa. Mphepo ya mu Ogasiti imauluza penti ndi kumata fumbi pa wonyowa, ndiye pakani m'mawa kapena mkati mwa galaji chitseko chili chotsegula. M'mamawa wa Juni ndi Julayi chitsulo chimakhala chozizira, penti amachedwa kuuma n'kuyenderera, dikirani dzuwa likwere. M'chilimwe malizani ntchito ya panja masana asanapendeke, mvula ya mabingu isanafike.

Pa tisheti, vinyl yomata ndi kutentha imakonda Stencil chifukwa zidutswa zake n'zazikulu, zosavuta kuchotsa zotsala. Musaiwale kutembenuza mawu ngati pa galasi musanadule. Mitundu yambiri ya vinyl imafuna kutentha kwa madigiri pafupifupi 150 kwa masekondi 10 mpaka 15, koma tsatirani pepala la wopanga. Pa chithunzi cha pa WhatsApp, kumbukirani kuti pulogalamuyi imafinya zithunzi, ndipo kamlatho kosafika mapikiselo atatu kamasanduka utsi. Mutu wokha ndiwo ukhale wa sitensulo, mawu awiri kapena anayi. Mitengo ya zinthu, adiresi, tsiku ndi nthawi zilembedwe mu fonti yosaduka ngati Oswald kapena Open Sans. Ndime yonse ya zilembo zoduka imatopetsa maso, ndipo achikulire amene akuwerenga pa foni yaing'ono amangoidumpha.

Chomaliza ndi liwu limene zilembozi zimalankhula mumzinda uno. Ku Joni zilembo zonenepa zoduka anthu amaziona pa mabokosi, pa malo omanga, pa zinthu za asilikali ndi za alonda. Zimati katundu, chitsulo, mphamvu, chenjezo. N'chifukwa chake zimakhala bwino pa shopu ya wowotcherera, kalipentala, makaniko, wonyamula katundu wopita kumudzi, wometa tsitsi, malo owotchera nyama, ndi yunifolomu ya timu ya mpira ya anyamata a ku Diepsloot. Pa sukulu ya mkaka ya ana, pa khadi la chinkhoswe, pa chikwangwani cha mpingo, zimaopseza m'malo moitana. Ndipo pa uthenga wa maliro, kapena pa pepala la gulu losonkha ndalama zotumizira thupi la m'bale wathu kumudzi, chonde musaziike. Zilembo zimene zinapangidwira mabokosi a katundu siziyenera kukhala pafupi ndi dzina la munthu amene akupita kwawo komaliza. Pamenepo sankhani zilembo zofatsa za timapazi, zosaduka, ngati Garamond kapena Georgia, zakuda pa pepala loyera, dzina la malemu lokha likhale lalikulu.